Kodi Malonda Nawo Amaphunzitsidwa? Za Nchito ya Mphunzitsi wa Zamalonda

Mnyamata wina wa kuno ku Msumba, amene anatsiriza maphunziro ake a gestão, anabwera kudzaona makolo nawauza kuti mtima wake uli pa uphunzitsi: akufuna kukaphunzitsa zamalonda ku sukulu ya ukacenjede. Amalume ake, mkulu amene wakhala akugula usipa pa doko ndi kukaugulitsa ku Lichinga kwa zaka zambiri, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Iwe mphwanga, ngati kupanga ndalama umakudziwadi, bwanji osangopita kukazipanga? Ine ndinalekera kalasi yacitatu, koma nyumba ya malata iyi anandimangira ndani?" Ine ndinali pomwepo pa khonde, ndipo ndivomere kuti yankho silinandibwerere msanga. Funso la amalumewo si lopusa ai, ndipo ambiri a inu owerenga mukadafunsa comweco. Ndiye ndati ndifotokoze m'tsamba lino kuti nchito imeneyi ndi yotani, munthu amaifika podzera njira iti, ndiponso cifukwa cake ndikuona kuti ife a m'mbali mwa nyanja tikuisowa kuposa mmene tiganizira.

Tiyambe ndi mau. Cimene pa Cipwitikizi amati gestão, ife tingati kayendetsedwe ka nchito, ndiko kudziwa kusamala ndalama, katundu, anthu ndi nthawi kuti nchito isafe. Mbale wake ndi contabilidade, luso lolemba mabuku a ndalama. Mphunzitsi amene tikunena pano ndi amene amaphunzitsa zinthu zimenezi kwa anthu akuluakulu amene anatsiriza kale kalasi ya 12.

Msumba ndi mudzi wodziwika ndi sukulu. Amishoni a UMCA anayamba kuyenda m'mbali mwa nyanja ino m'zaka za m'ma 1880, ndipo dzina la William Percival Johnson agogo athu ankalichula ngati la mbale wao. Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mnyamata, anakhala pa Msumba zaka zambiri akuphunzitsa ana. Sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901, inali ndi malo ophunziriramo, ndipo ku Kobwe kunali sukulu ya aphunzitsi ya St Michael. Motero kuno kunatuluka aphunzitsi, ansembe, anamwino ndi makalaliki ambirimbiri. Koma taganizani bwino, wamalonda wophunzira anatuluka? Ine sindikumbukira kumva dzina lake. Sikuti anthu athu analibe nzeru. Companhia do Niassa, imene inalamulira dziko lino mpaka 1929, inkafuna kwa ife msonkho ndi mphamvu za manja basi. Masitolo anali m'manja mwa Apwitikizi ndi Amwenye, ndipo lamulo losiyanitsa munthu wakuda ndi nzika, lija la indigenato, linatha mu 1961. Mwana wophunzira ankayembekezera kulembedwa nchito ndi kulandira malipiro pa mwezi. Kulemba mabuku a sitolo yakeyake sanali maloto amene munthu akadalota.

Ufulu utabwera mu 1975, eni masitolo ambiri anacoka. Boma linatsegula masitolo ochedwa Lojas do Povo, niliika m'menemo anthu ambiri a mtima wabwino amene sanaphunzitsidwepo kuwerenga katundu wolowa ndi wotuluka. Amene munalipo mukukumbukira mashelefu opanda kanthu, ngakhale sopo kapena mcere. Zifukwa zinali zambiri, ndipo nkhondo inaonjezera pamenepo, koma kusadziwa kuyendetsa nchito kunalinso cimodzi mwa izo. Mu 1987 boma linasintha njira ndi dongosolo lija la PRE, nililola malonda a anthu wamba. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kucokera ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo aliyense anayamba kugula ndi kugulitsa mmene anaonera kwa anzake.

Cimene cinanditsegula maso ine ndi ndalama zija za sete milhões. Kuyambira mu 2006, pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, boma linkapereka 7 miliyoni meticais ku distrito iliyonse kuti anthu akongole, ayambe timalonda, nadzabweze kuti ena akongolenso. M'dziko lonse ndalama zobwezedwa zinali zocepa kwambiri. Ena ankati ndi mphatso ya boma, ena anazidya dala, zimenezo n'zoona. Koma ndinaona ndi maso anga anthu oongoka mtima amene anagula ukonde kapena kutsegula kagolosale, nagwira nchito usana ndi usiku, caka cisanathe mpamba wonse wasungunuka, iwo osadziwa kuti wapita kuti. Ukawafunsa amangoti, "Abusa, ndalama zija zinangotha." Sananame. Analibe buku loti liwauze pamene zinadonthera.

Tsono tiyeni tibwerere kwa amalume aja, ndipo tiyerekeze ulendo umodzi wa usipa. Manambala awa ndangowapeka kuti tione njira yake, mitengo yeniyeni mukuidziwa ndinu. Munthu wagula matumba 10 pa doko, thumba lililonse 2,000 meticais, zonse 20,000. Ku Lichinga thumba likupita pa 2,800, ndiye kuti matumba onse 28,000. Pobwera akuuza mkazi wake kuti wapindula 8,000. Mphunzitsi wa zamalonda amati, dikirani pang'ono. Galimoto yonyamula matumba yadya 1,500. Inu mwini kupita ndi kubwera 800. Anyamata okweza ndi kutsitsa 300. Msonkho wa pamsika ndi posungira katundu 400. Cakudya ndi pogona masiku anai 1,200. Thumba limodzi linagwidwa ndi cinyezi ndipo munaligulitsa pa theka la mtengo, mwataya 1,400. Mukaphatikiza zonsezi ndi 5,600, ndipo phindu lija la 8,000 latsala 2,400. Ngati mpamba uja unali wa katapila wolipira 10 pa 100 iliyonse pa mwezi, cotsaninso 2,000. Mwavutikira 400. Ndipo ngati matumba awiri munawasiya pa ngongole kwa mai wina wa pamsika, ndalama zimene zili m'thumba mwanu sizikwana n'komwe kugula matumba 10 a ulendo wotsatira. Munthu amene wauza banja kuti wapindula 8,000 adzaononga 8,000, ndipo maulendo asanu asanakwane adzayamba kunena kuti wina wamulodza.

Amalume aja zimenezi amazidziwa m'mutu, n'cifukwa cake anamanga nyumba ya malata. Koma anaziphunzira mwa kugwa kangapo, ndipo anzao khumi amene anayamba nao limodzi anagwa osadzukanso. Nzeru zao zili m'mutu mwao mokha, ndipo ndi za usipa wokha. Nchito ya mphunzitsi ndi kutenga nzeru zotere, kuziika m'dongosolo loti zilembedwe, ziyesedwe, zigwire nchito pa usipa, pa cigayo, pa cipatala ngakhale pa ofesi ya boma, ndi kuzipereka kwa anthu makumi asanu nthawi imodzi asanataye mpamba wao.

Luso limeneli si la dzulo. Mu 1494 ku Venice kunasindikizidwa buku la Luca Pacioli, wa cipani ca Afransisko, limene linafotokoza mmene amalonda a kumeneko ankalembera mabuku ao. Mfundo yake ndi yakuti ndalama iliyonse ilembedwe pawiri, kumene yacokera ndi kumene yapita, ndipo mbali ziwirizo zikapanda kulingana ndiye kuti penapake palakwika. Mpaka lero wophunzira contabilidade aliyense amayambira pamenepo. Ku Lisboa, boma linatsegula sukulu ya zamalonda yochedwa Aula do Comércio mu 1759. Onani, Apwitikizi anali nayo sukulu yotere zaka zoposa 200 asanacoke kuno, koma ku nyanja kuno sanaibweretse.

M'dziko lathu sukulu ya ukacenjede yoyamba inatsegulidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, ndipo mu 1976 inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Kwa zaka zambiri mwana wa ku Niassa wofuna maphunziro a zacuma ankayenera kupita ku Maputo, ulendo umene ambiri sakadautha. Zinthu zinayamba kusintha lamulo la 1993 litalola sukulu zimene si za boma. Universidade Católica de Moçambique inayamba kuphunzitsa mu 1996, ndipo imodzi mwa nthambi zake ziwiri zoyamba inali ya Economia e Gestão ku Beira. Pambuyo pake inafika ku Cuamba ndi ku Lichinga. Universidade Pedagógica nayo inali ndi nthambi ku Lichinga, imene mu 2019 inalowa mu Universidade Rovuma pamene sukuluyo inagawidwa. Universidade Lúrio, yokhazikitsidwa mu 2006, ili ndi nthambi ya zaulimi ku Unango. Kutsidya kwa nyanja, sukulu ija ya Polytechnic ku Blantyre, imene inayamba mu 1965 ndipo inaphunzitsa akauntanti ambiri a ku Malawi, mu 2021 inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences. Sukulu zikaculuka, aphunzitsi nao amafunika ambiri, ndipo mpata wa mnyamata uja uli pamenepo.

Njira yake ndi yaitali, makolo adziwiretu. Mwana akatsiriza kalasi ya 12, kapena maphunziro a zamalonda a ku instituto, amayang'ana cikalata cimene sukulu iliyonse imatulutsa caka ndi caka, cija amati edital, cimene cimanena maphunziro amene alipo, malo angati, ndi mayeso olowera. Digiri yoyamba, licenciatura, imatenga zaka zinai. Amene wakhoza bwino kwambiri nthawi zina amatengedwa kukhala wothandizira, assistente estagiário, koma asadzinamize kuti wafika. Kuti akhazikike afunika digiri yaciwiri, mestrado, ya zaka ngati ziwiri, ndipo kuti akwere kufika pa professor auxiliar, associado, mpaka catedrático, afunika doutoramento ndi zolemba zake zosindikizidwa. Mukawerenga zonse, kucokera pa kalasi ya 12 ndi zaka khumi kapena kuposa. Masamu ayenera kukhala bwenzi lake, Cipwitikizi colemba cikhale cakuthwa, ndipo Cingerezi asacinyoze, pakuti mabuku ambiri a maphunzirowa ali m'cinenero cimeneco. Apa ana a m'mbali mwa nyanja ali ndi mwai, popeza ambiri ali ndi abale ku Likoma ndi ku Nkhata Bay ndipo Cingerezi si cacilendo m'makutu mwao.

Nanga tsiku lake limayenda bwanji? Anthu amaganiza kuti ndi kuimirira kutsogolo ola limodzi, kenaka kupita kunyumba. Ola limodzi la m'kalasi limadya maola awiri kapena atatu okonzekera. Pali kuconga mayeso a ophunzira mazana, kumene pa contabilidade sungangoyang'ana yankho lomaliza, uyenera kutsata mzere ndi mzere kuti upeze pamene wophunzira wasocera. Pali kuyang'anira a caka comaliza pamene akulemba monografia, kabuku ka kafukufuku wao. Pali makalasi a madzulo, aja amati pós-laboral, kumene amabwera anthu ogwira nchito ku banki, ku boma ndi m'mabungwe, ena aakulu msinkhu kuposa mphunzitsi, otopa, koma ofunsa mafunso obaya cifukwa vuto limene akufunsa analisiya pa tebulo masana omwewo. Mphunzitsi amayembekezeredwanso kucita kafukufuku wakewake ndi kutuluka kukathandiza anthu a kunja kwa mpanda wa sukulu. Ndiponso malamulo a msonkho amasintha, monga mu 2023 pamene IVA inatsika kucoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse. Mphunzitsi amene amangowerenga kope limene analemba zaka khumi zapitazo akuphunzitsa zabodza osadziwa.

Pali cinthu cimodzi cimene ndifuna tikhalepo pang'ono, cifukwa m'pamene mphunzitsi wabwino amasiyana ndi wongodutsa. Ku sukulu ya zamalonda ya Harvard, ku America, anachukitsa njira yophunzitsira ndi nkhani: mphunzitsi amabweretsa mbiri ya kampani yeniyeni imene inakumana ndi vuto, ophunzira nakangana kuti mwini wake akadacita ciani. Njirayo ndi yabwino, ndipo ife amene tinakulira pa bwalo la milandu sitingaione yacilendo. Vuto ndi lakuti nkhani za m'mabuku ndi za makampani a ku Lisboa, São Paulo ndi New York. Mwana wa ku Msumba amaziloweza, nakhoza mayeso, koma akabwera kwao sadziwa pogwira. Mphunzitsi wocokera kuno angathe kulemba nkhani zakezake. Mwini cilimira amagawana bwanji nsomba ndi alovi ake, ndipo ndalama yokonzera ukonde ndi injini imacokera mbali ya yani? Miyezi ya mwera, pamene ngalawa zimakhala pamtunda masiku ambiri, banja lidye ciani, ndipo ndalama yake isungidwe liti? Munthu wogulitsa katundu ku Likoma nalandira makwacha anataya zingati mu Novembala 2023, pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi? Ndalama ikamayenda pa foni, pa M-Pesa kapena e-Mola, yolipira potumiza ndi potapa ilembedwe pati? Mafunso amenewa ali ndi masamu ofanana ndi a m'mabuku a kunja, koma wophunzira amawamva m'mimba.

Ndipo pali funso lina lovuta koposa, limene mabuku a kunja salikhudza kwenikweni. Phunziro loyamba la mabuku a ndalama limati thumba la sitolo ndi thumba la banja zikhale zosiyana. Kunena n'kosavuta. Koma kukagwa maliro, mwini golosale ndiye woyamba kuyang'anidwa. Mlamu akabwera kudzatenga shuga nati adzalipira mawa, umukaniza bwanji? Ukakana, mudzi wonse uti ndalama zakupenga, kapena uti wakhwimira. Ukalola, golosale yatha. Mphunzitsi amene angouza ophunzira kuti abale ndi adani a malonda sanathandize, cifukwa wophunzirayo tsiku lina adzadwala ndipo adzamunyamula ndi abale omwewo. Wanzeru amaphunzitsa kuti mwini sitolo adzilipire yekha malipiro pa mwezi, athandize abale kucokera pa malipirowo, ndipo ciliconse coturuka m'sitolo, ngakhale paketi ya mcere yopita kwa amai ake, cilembedwe. Zimenezi angaziphunzitse bwino ndi munthu amene anakhalapo pa maliro a kwathu, amene akudziwa kulemera kwa mau akuti "ndife amodzi".

Tisaiwalenso kuti ophunzira ambiri a gestão sadzakhala ndi sitolo. Adzasunga ndalama za anthu ena: za sukulu, za cipatala, za distrito, za bungwe la asodzi, ngakhale za mpingo. Ife abusa tikudziwa mipingo imene inagawanika cifukwa ca msungicuma amene sanabe n'komwe, koma analephera kuonetsa pa pepala kumene copereka cinapita. Mphunzitsi mmodzi pa zaka makumi atatu amadutsitsa m'manja mwake anthu zikwi, ndipo cizolowezi cimene awapatsa, cofuna lisiti pa ciliconse kapena conyalanyaza, cimafika m'maofesi onse a cigawo.

Zowawa zake ndisabise. Woyamba kumene nthawi zambiri amalipidwa pa maola amene waphunzitsa, ndipo mnzake amene anaphunzira naye limodzi nalowa ku banki amamupitirira pa galimoto iye akuyenda pansi. Ena pofuna kukwanitsa amaphunzitsa m'sukulu zitatu kapena zinai nthawi imodzi, kuthamanga uku ndi uku, mpaka anthu anawapatsa dzina lakuti aturbo. Wotere alibe nthawi yowerenga, ndipo ophunzira ndi amene amalipira. Zimamvekanso za ena amene amagulitsa mamalikisi. Pa maphunziro ena zimenezi ndi zoipa, koma pa maphunziro a ndalama ndi zoopsa kawiri, pakuti wophunzira amene wagula malikisi a contabilidade waphunzira kale kuti nambala ya pa pepala ingasinthidwe ndi ndalama.

Pa mfundo imodzi amalume aja ananena zoona, ndipo mnyamatayo ndinamuuza pamaso pao. Munthu amene sanagulitsepo ngakhale mulu wa tomato, amene sanagonepo ndi nkhawa ya ngongole, akaima kutsogolo kwa kalasi ya madzulo amadziwika msanga. Ndinamulangiza kuti pamene akukonzekera mestrado agwire nchito zaka ziwiri kapena zitatu pamalo pamene ndalama zimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo pa chuti akwere galimoto ya usipa ndi amalume ake, kope m'manja. Amalumewo anati alola, koma thumba adzanyamula yekha.

Catsala ndi cinenero. Maphunziro onsewa amacitika m'Cipwitikizi, koma amene akuwasowa kwambiri, amai a pa doko ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama m'midzi, amawerenga ndalama zao m'Cinyanja ndi m'Ciyao. Mau ena tili nao kale: mpamba, phindu, ngongole, ciongoladzanja, cikole. Koma kutha mphamvu kwa injini caka ndi caka, kumene wolemba mabuku amakuwerenga ngati ndalama yotayika ngakhale palibe amene walipidwa, tikuchule bwanji? Nanga kusiyana kwa phindu la pa pepala ndi ndalama imene ili m'manja? Mnyamata uja wayamba kulemba mau otere m'kope. Akuluakulu amene munagwirapo nchito m'masitolo akale, kapena amene mukukumbukira mau amene makolo ankagwiritsa nchito posinthana nsomba ndi cimanga ca kumapiri, tilembereni kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino, ndipo tidzawapereka kwa iye.